Laputopu yochedwa kuyaka: musanafufute ma cache tadziwani kaye zomwe akusunga

Sabata yatha kunabwera aphunzitsi ena ochokera cha ku Malindi, laputopu ataikulunga mu jumbo kuopa fumbi, thukuta lili kamukamu poti anatsika kabaza cha pa mlatho nkuyenda wapansi mpaka pa kashopu kathu. Asanakhale nkomwe pa benchi akuti "achimwene, iyi ndikaiyatsa ndimatha kupita kukasamba, kubwerako ikadali kuzunguliza timadontho tija." Ndinawafunsa ngati pali wina anaigwirapo. Akuti ee, mphwawo wa ku koleji anaikamo pulogalamu yotsuka kompyuta ndipo anawauza kuti tsiku lililonse azidina batani lobiriwira kuti zinyalala zichoke, komanso pali zina anazimitsa ataonera vidiyo pa YouTube. Ndiye iwo akhala akutsuka mokhulupirika miyezi itatu, kompyuta osachira.

Nkhani imeneyi ndimakumana nayo pafupipafupi moti ndati ndingoilemba. Cache ndi zinthu zomwe kompyuta imasungiratu kuti ikazifunanso izipeze msanga, koma anthu timamva kuti ndi zinyalala, pamene ma cache ambiri okhudza kuyaka kwa kompyuta anaikidwa dala kuti izifulumira, ndiye ukamawasesa tsiku ndi tsiku ukungoibwezera mmbuyo. Nthawi yoyenera kuwatsitsimutsa ilipo ndithu, koma uyenera kudziwa kuti ukugwira cache uti, chifukwa pa Windows alipo angapo ndipo ntchito zawo sizifanana.

Tiyambe ndi driver, poti ma cache amenewa amakhudza ma driver, ndipo apa sitikunena dalaivala wa minibasi ya ku Monkey Bay. Kuno tonse tinaonapo agogo olankhula Chiyao chokhachokha atafika pa ofesi pomwe bwana amangomva Chichewa ndi Chizungu, pamafunika munthu wapakati womasulira. Driver ndi womasulira ameneyo. Kibodi ili ndi chilankhulo chake, sikirini chake, Wi-Fi chake, pirinta chake, disiki chake, ndipo Windows payokha sizimva zonsezi, imadalira timapulogalamu ting'onoting'ono tomwe tambiri timathera ndi .sys ndipo timakhala mu C:\Windows\System32\drivers. Mukadina batani loyatsira, choyamba kudzuka si Windows ayi, ndi BIOS kapena UEFI, pulogalamu ya pa bolodi ya kompyuta, yomwe imayendera RAM (momwe kompyuta imaikamo zomwe ikugwiritsa ntchito ikakhala yoyaka) ndi disiki nkuona kuti zilipo, kenako imapereka mpira kwa Windows Boot Manager, iyo nkuitana chonyamula mtima wa Windows womwe amautcha kernel, fayilo yake ndi ntoskrnl.exe, pamodzi ndi ma driver ochepa omwe popanda iwo disiki singawerengeke nkomwe. Ena amabwera pambuyo, aliyense kudzutsa chipangizo chake nkudikira kuti chiyankhe. Womasulira mmodzi akachedwa kufika mlandu wonse umaima, ndi timadontho tozungulira tija.

Cache woyamba, amenenso amasokoneza anthu kwambiri, ndi wa Fast Startup. Anabwera ndi Windows 8 mu 2012 ndipo ali mu Windows 10 ndi 11, pa makompyuta ambiri amakhala ali woyatsa kale. Amayi akamaliza kuphika madzulo samathira madzi pa mbaula, amakwirira makala ndi phulusa kuti mmawa angofukula nkupemerera, moto wayaka, osavutikanso ndi machesi ndi mapepala. Ndi zomwe Windows imachita mukadina Shut down. Imatseka mapulogalamu anu onse nkukutulutsani mu akaunti yanu, koma kernel ndi ma driver siwazimitsa kwenikweni, imatenga mmene alili mu RAM nthawi imeneyo nkuwalemba mu fayilo imodzi yobisika yotchedwa hiberfil.sys yomwe ili pa C:\ penipeni. Mawa mukayatsa, mmalo modzutsa driver aliyense payekhapayekha kuyambira pachiyambi, imangowerenga fayilo ija nkubwezera zonse mu RAM. Pa hadi disiki yakale yozungulira ija kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Koma moto wokwirira uli ndi vuto lake. Ngati dzulo munali khala lonyowa lofuka utsi, mmawa mulipeza lili momwemo likufukabe. Driver wa Wi-Fi akasokonezeka lero, inu nkudina Shut down poganiza kuti ipume, Windows imamusunga ali wosokonezeka choncho nkumudzutsanso mawa ali chimodzimodzi. Ndiye mumamva munthu akuti ndazimitsa kasanu konse koma saundi sikubwera. Sanazimitse, anangokwirira. Chomwe chimathira madzi pa mbaula nkukoleza moto watsopano ndi Restart. Anthu ambiri amaganiza mosemphana, kuti Shut down ndiye yamphamvu ndipo Restart ndi yachidule, ine ndemwe ndinkaganiza choncho zaka zingapo. Ngati simukukhulupirira tsegulani Task Manager ndi Ctrl, Shift ndi Esc, pitani pa Performance, pa CPU, muone pomwe alemba Up time. Ya aphunzitsi aja sinali ndi nkhani imeneyi poti mphwawo anazimitsa Fast Startup yonse, koma ndaonapo makompyuta a m'mashopu osindikiza mapepala akuonetsa masiku makumi awiri ndi kuposa pomwe mwini wake akulumbira kuti amazimitsa madzulo aliwonse akamatseka.

Ndiye kasamalidwe ka cache ameneyu nkosavuta. Musiyeni woyatsa ngati muli ndi hadi disiki yozungulira, koma kamodzi pa sabata dinani Restart, komanso nthawi iliyonse mukaika driver watsopano kapena chinthu chikayamba kuchita zachilendo. Mukafuna kuzimitsiratu zenizeni osayatsanso, gwirani Shift podina Shut down, kapena lembani shutdown /s /t 0 mu Command Prompt, kawindo kakuda kolembamo malamulo. Izi muzichita makamaka musanatsegule kompyuta kuti musinthe RAM kapena disiki, chifukwa Windows ikadzuka ndi chithunzi cha dzulo nkupeza kuti zitsulo zasintha usiku, zimatha kuvuta. Poyatsira ndi pozimitsira pake pali mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, kenako mudine mawu abuluu akuti Change settings that are currently unavailable, kabokosi ka Turn on fast startup kali mmunsi. Mukapeza kabokosiko kulibe ndiye kuti wina anazimitsa hibernate, kuzimitsa kosunga zonse zomwe munatsegula, poti ziwirizi zimagwiritsa fayilo imodzi, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe powercfg /h on kabwerera. Ndipo mukakayikira kuti fayiloyo yaonongeka, monga kompyuta ikumakanirira pa sikirini yakuda pokhapokha mukayatsa kuchokera pa Shut down koma pa Restart ili bwinobwino, lembani powercfg /h off, fayilo ifufutika yokha, chitani Restart, kenako powercfg /h on ipangidwe yatsopano. Osayesa kuifufuta ndi dzanja. Kwa amene disiki yawo ndi yaying'ono pali powercfg /h /type reduced, imachepetsa fayiloyo kufika cha pa 20 peresenti ya RAM mmalo mwa 40, Fast Startup imagwirabe koma hibernate yeniyeni imachoka.

Pali china chomwe mavidiyo a kunja sanena chifukwa kwawoko magetsi sathimathima. Fayilo ija imalembedwa pokhapokha kompyuta yazimitsidwa mwaulemu. Magetsi akangoti phethi muli pakati pa ntchito, pa desikitopu yopanda UPS, kabokosi ka batire kosunga magetsi, kapena laputopu ya batire yakufa yomwe imangodalira tchaja, palibe chomwe chasungidwa, ndiye kuyaka kotsatira kumakhala koyambira pachiyambi, nthawi zina Windows nkuyambanso yayendera disiki kuona ngati mafayilo sanaduke pakati. Nchifukwa chake kompyuta imodzi yomweyo Lolemba iyaka msanga, Lachiwiri nkuchedwa, munthu nkumati ili ndi vairasi. Batire yatsopano kapena ka UPS kakang'ono kamathandiza kuposa pulogalamu iliyonse yotsukira. Ndipo amene muli ndi Windows ndi Ubuntu pa kompyuta imodzi, inu zimitsani Fast Startup basi, chifukwa Windows imasiya disiki ngati ikadali m'manja mwake ndipo Ubuntu, yomwe ndi mtundu wa Linux, imakana kulembamo. Amene muli ndi SSD, disiki yofulumira yosazungulira, mukhozanso kuzimitsa osataya zambiri, ine pa yanga ndinazimitsa.

Wachiwiri ndi folda ya C:\Windows\Prefetch, iyi ndiye imazunzika kwambiri ndi otsuka. Inayamba ndi Windows XP mu 2001, mu Vista anaonjezera Superfetch yomwe pano mu Windows 10 ndi 11 imatchedwa SysMain. Ganizani za mayi wa tiyi pa msika amene akudziwa kuti bambo wa usipa uja amafika 6 koloko ndipo amafuna mandasi awiri ndi tiyi wa mkaka, bamboyo akamatulukira apo kapu ili kale pa tebulo. Windows imaonerera kuti poyaka imawerenga mafayilo ati ndi ma driver ati, motsatana bwanji, nkulemba, mkati mwa folda yomweyo muli kafolda ka ReadyBoot kosunga za maulendo angapo apitawo, ndipo pulogalamu iliyonse yomwe mumatsegula ili ndi kafayilo kake kothera ndi .pf. Phindu lake ndi lakuti hadi disiki yozungulira ili ndi kasingano komwe kamayenda uku ndi uku kufuna mafayilo, ndipo kuyendayenda kumeneko ndi komwe kumadya nthawi, ndiye Windows ikadziwiratu zofunika imazitenga mwadongosolo ulendo umodzi. Mukafufuta folda ija mwamuchotsa mayi uja nkuikapo mlendo woti ayambe kufunsa aliyense kuti mumamwa chani. Kompyuta siifa ayi, imalembanso, koma maulendo angapo otsatira imachedwa, ndiye ngati mukufufuta tsiku lililonse ngati aphunzitsi aja siidzaphunzira mpaka kalekale. Timafayiloto ndi tating'ono, malo omwe mungapulumutse sakwana ngakhale vidiyo imodzi ya ukwati, komanso Windows imachotsa yokha takale tikachuluka, malire ake anali 128 mpaka Windows 7 ndipo ndi 1024 kuyambira Windows 8. Isiyeni. Za SysMain anthu amakangana, ena amati izimitsidwe chifukwa imapangitsa disiki kukhala pa 100 peresenti kompyuta ikangoyaka. Pa makina a RAM ya 4 GB ndi disiki yotopa ndaonapo kuzimitsa kukuthandiza, koma ndimayesa kaye masiku awiri atatu, zikapanda kusintha ndimayatsanso.

Wachitatu ndi Driver Store, ili mu C:\Windows\System32\DriverStore\FileRepository kuyambira nthawi ya Vista. Iyi ndi nkhokwe. Driver aliyense amene analowapo mu kompyuta yanu kope lake limasungidwa mmenemo, nchifukwa chake pirinta yomwe munalumikiza chaka chatha mukailumikizanso imangogwira osafuna intaneti. Imakula ndithu, makamaka ngati muli ndi khadi ya zithunzi ya NVIDIA kapena AMD poti driver wake mmodzi amatha kukhala ma MB mazana angapo ndipo akale amatsalira, munthu ukaona folda ili ma GB angapo dzanja limayabwa. Koma apa mvetsetsani: chimanga chili m'nkhokwe sichichedwetsa nsima. Windows poyaka sinyamula zonse za mu Driver Store, imanyamula ma driver a zipangizo zomwe zilipo nthawi imeneyo. Kuyeretsa nkhokweyi kumakupatsani malo pa disiki, sikufulumizitsa kuyaka, pokhapokha ngati disiki inadzadza mpaka kufiira poti pamenepo chilichonse chimachedwa.

Mukafuna malowo njira yabwino ndi Disk Cleanup, lembani cleanmgr, dinani Clean up system files, chongani Device driver packages, imachotsa akale nkusiya omwe akugwira ntchito. Dziwani kuti mukatero batani la Roll Back Driver mu Device Manager silikhalanso ndi kobwerera, ndiye musachite tsiku lomwe mwaika driver watsopano, dikirani muone ngati ali bwino. Odziwa pang'ono angagwiritse pnputil /enum-drivers kuona mndandanda wonse, aliyense ali ndi dzina ngati oem12.inf, tsiku lake ndi kampani yake, kenako pnputil /delete-driver ndi dzina limenelo kuchotsa mmodzi yemwe mwatsimikiza. Chomwe sindifuna kumva nchakuti munalowa mu folda ija nkulanda chilolezo nkuyamba kufufuta ndi Delete. Ndinachitapo ndekha ndikuphunzira ntchito, pa kompyuta ya ankolo anga, mawa lake kibodi ndi mausi zonse zii, ndinagona 2 koloko usiku ndikufomata, ankolo mpaka lero amandikumbutsa pa maliro ndi pa ukwati pomwe. Ndipo poti bandulo kuno si yamasewera, musanafomate kompyuta iliyonse pangani folda pa flashi nkulemba pnputil /export-driver * kutsatiza ndi komwe kuli foldayo, ma driver onse omwe anaonjezeredwa akopedwa, simudzafunika kudawunilodanso.

Tsono ngati ma cache ali osalakwa nthawi zambiri, wolakwa timamupeza bwanji? Windows imalemba yokha, kungoti anthu sitiwerenga. Tsegulani Event Viewer, pitani Applications and Services Logs, Microsoft, Windows, Diagnostics-Performance, Operational. Mzere wa nambala 100 umanena kuti kuyaka kwatenga nthawi yaitali bwanji, amalemba mu ma millisecond ndiye 60000 ndi mphindi imodzi. Nambala 101 imatchula pulogalamu yomwe yachedwetsa, 102 imatchula driver, 103 imatchula service, pulogalamu yogwira ntchito mobisika. Chitani Restart kawiri katatu, lembani manambala papepala, sinthani chinthu chimodzi chokha, yesaninso. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi simudziwa chomwe chachiza kapena chomwe chapha.

Pa laputopu ya aphunzitsi 102 inkabwera mobwerezabwereza ndi dzina limodzi, nditalifufuza ndinapeza kuti ndi driver wa ka dongo ka intaneti kolowetsa pa USB komwe anasiya kugwiritsa ntchito kalekale, pano amangopanga hotspot pa foni. Ma driver a mtundu umenewu ndi amene amavuta, obwera ndi pulogalamu osati ndi chitsulo chokha, monga a ma dongo, a VPN, a antivairasi yomwe inatha nthawi, a mapulogalamu oflashira mafoni. Ena mwa iwo amadzilembetsa kuti azidzuka nthawi iliyonse kaya chipangizo chilipo kaya palibe. Lembani driverquery /v muone pa Start Mode, mupeza Boot, System, Auto ndi Manual, koma chonde osayamba kuzimitsa a Boot mwachisawawa, ambiri ndi a Windows yeniyeni ndipo mukalakwitsa mmodzi mulandira sikirini yabuluu. Njira yake ndi kuchotsa pulogalamu yomwe inamubweretsa, mwadongosolo, kenako Restart. Mu laputopu ya aphunzitsi munalinso ma antivairasi awiri ophatikiza pa Defender yobwera ndi Windows, onse kulimbirana kusecha fayilo iliyonse ngati ma rodibuloko atatu pa msewu umodzi. Ndinachotsa awiriwo. Mu Device Manager mukadina View, Show hidden devices muona zipangizo zotuwa zomwe zinalumikizidwapo kale, ma flashi a anthu onse a pa sukulu, zimenezo anthu amakonda kuzichotsa koma kunena zoona sindinaonepo zikusintha nthawi yoyaka.

Muonenso mu Task Manager pa Startup, pamwamba kumanja makina ambiri amaonetsa Last BIOS time. Imeneyo ndi nthawi yomwe yapita Windows isanayambe nkomwe, ndiye cache aliyense alibe nayo gawo. Malaputopu a kaunjika omwe timagulawa ambiri anachokera m'maofesi akunja komwe anawatchera kuti aziyamba afuna netiweki asanayang'ane disiki, mumaona mawu oti PXE pa sikirini yakuda, lowani mu BIOS muike disiki patsogolo. Flashi kapena hadi disiki yakunja yosiyidwa pa USB nayo imachedwetsa pamenepa. Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi nkumakuuzani kuti dinani F1, ndi kabatire kozungulira ka pa bolodi, pa madesikitopu ambiri ndi CR2032, sinthani basi. Pa Startup pomwepo zimitsani mapulogalamu osafunika kudzuka nanu mmawa, chifukwa nthawi zambiri munthu akamati ikuchedwa kuyaka amanena mphindi zija desikitopu yaoneka kale koma mausi ikungozungulira, ndipo amenewo si ma driver.

A Mac ndi a Linux musaone ngati ndakuiwalani, nzeru yake ndi yomweyo. Pa Mac ma driver akale amatchedwa ma kext ndipo amamangidwa pamodzi mu cache imodzi yoyakira, zikasokonekera kuyatsa mu Safe Mode kumayeretsa ma cache ena, pa Mac ya Intel mumagwira Shift poyatsa. Pa Ubuntu ma driver oyambira ali mu initramfs, mumaimanganso ndi sudo update-initramfs -u, ndipo systemd-analyze blame imakuuzani amene wadya nthawi. Koma kuno ma Mac ndimawaona kamodzikamodzi, makamaka a alendo a ku Cape Maclear tchaja ikawafera.

Ndisakunamizeni, zonse ndanenazi zimangochotsa zopinga, sizisandutsa bulu kukhala njinga yamoto. Hadi disiki ya laputopu yozungulira ka 5400 pa mphindi imawerenga cha mma 100 MB pa sekondi zinthu zikakhala bwino, SSD wamba ya SATA imafika cha mma 500, ndipo pa timafayilo ting'onoting'ono tomwazikana ngati ta poyaka kusiyana kwake nkokulirapo kuposa pamenepo poti mulibe singano yoyendayenda. Ma cache a Fast Startup ndi Prefetch kwenikweni anapangidwa kuti abise ulesi wa disiki yozungulira. Ngati muli ndi ndalama yogulira chinthu chimodzi chokha, gulani SSD ngakhale ya 128 GB kapena 256 GB. Ndipo kutentha kwa kuno mu Okutobala musakuiwale, fani ikadzadza fumbi purosesa imadzichepetsa liwiro yokha kuti isapse, ndiye kupemerera fumbi ndi kusaika laputopu pa matiresi ndi mbali ya mankhwala omwewo. Amene mukadali pa Windows 10 dziwaninso kuti Microsoft inasiya kuithandiza mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Aphunzitsi aja ya SSD analibe, akuti mpaka malipiro atuluke. Ndiye tinachotsa pulogalamu yotsukira ija, ya dongo ndi ma antivairasi awiri, tinayatsanso Fast Startup, ndinapemerera fani mpaka fumbi lofiira kutuluka ngati thumba la simenti, kenako Restart kangapo kuti Prefetch iyambenso kuphunzira. Kuchoka pa mphindi zitatu ndi kuposa inafika pochepera mphindi imodzi ikayaka kuchokera pa Shut down. Ndinawauza kuti Lachisanu lililonse akamaweruka azidina Restart kamodzi. Anailowetsanso mu jumbo muja, atafika pakhomo anatembenuka nkufunsa kuti nanga batani lobiriwira lija azidina liti tsopano, ndinati aphunzitsi lachoka limenelo, iwo akuti mphwawo akabwera pa holide amutumiza kuno adzamve yekha.